KUKAMBIRANA KAPENA KUSUMIRANA: MASAMU A MLANDU WA ANANSI

Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukafika, anthu n'kuyamba kugalauza mizere poyembekezera mvula yoyamba, mabwalo a mafumu a kumadzulo kwa boma la Lilongwe amachulukidwa ndi milandu ya mtundu umodzi. Kwa Njewa, ku Mpingu, ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula mpaka ku Nambuma nkhani yake imakhala imodzimodzi: uyu walumpha malire ndi mizere iwiri, uyo wazula nkhadze zimene adabzala makolo, winanso ng'ombe zake zalowa m'dimba la mnzake ndi kumaliza chimanga chimene chinali pafupi kukhwima. Milandu yotereyi sitiimva pa wailesi, pakuti ndi yaing'ono. Komabe ndiyo imene imadya nthawi ya mafumu, ya alangizi a zaulimi ndi ya ofesi ya DC, ndipo ndiyo imene imachititsa kuti mabanja awiri amene akhala akutunga madzi pa mjigo umodzi kwa zaka zambiri asiye kupatsana moni.

Munthu amene walakwiridwa ndi mnansi wake ali ndi njira ziwiri. Angathe kukhala naye pansi pamaso pa eni mbumba kapena a nyakwawa, n'kumvana za chipepeso. Angathenso kukatenga samani kuti akaonane kukhoti. Kawirikawiri ife timalangiza njira yoyambayo ndi miyambi, kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma munthu amene wapsa mtima samva mwambi. Choncho lero tafuna kuti nkhaniyi tiione ndi masamu, popeza masamu alibe mbale ndipo saopa nkhope ya munthu.

Ilipo nthambi ya masamu imene akatswiri amaitcha game theory. Ntchito yake ndi kufufuza zimene munthu wanzeru ayenera kuchita pamene zotsatira za zochita zake zikudaliranso zimene mnzake achite. Aliyense amene adasewerapo bawo kapena nsolo akuidziwa kale nzeru imeneyi: sutapa njombwa poona dzenje lako lokha, umayamba waganiza kuti ndikatere, uyu adzandidyera pati. Amene adaiika nzeruyi m'buku koyamba mwadongosolo ndi John von Neumann ndi Oskar Morgenstern m'chaka cha 1944. Mu 1950 mnyamata wina wophunzira masamu ku Princeton, John Nash, adalemba za mmene anthu awiri angagawanire phindu limene lingapezeke pokhapokha atamvana, ndipo mu 1994 adalandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchito yake pa nthambi imeneyi. Anthu amenewa ankaganiza za malonda ndi za nkhondo za maiko, koma zimene adapeza zikukwanira bwino lomwe pa mizere iwiri ya kwa Kabudula.

Tiyerekeze motere, ndipo tiwerenge ndi matumba a chimanga osati ndi makwacha, popeza thumba silichepa mphamvu chaka ndi chaka monga ndalama zichitira. Ng'ombe za munthu wina zaononga mbewu za mnzake zokwana matumba 10, ndipo mwini munda akuganiza zosuma. Mboni zilipo, koma si zonse zimene zidaona ndi maso, kotero kuti onse awiri akuzindikira mumtima kuti pa milandu 10 yotere, wodandaula amapambana 7. Ndiye kuti chimene mwini munda ayenera kuyembekezera kukhoti si matumba 10 ai, koma 7. Pa 7 amenewo achotsepo zimene adzaononge: ndalama za minibasi kapena kabaza, chakudya cha mboni zake, ndalama zolembetsera mlandu, ndi masiku amene khasu lidzagone m'nyumba mwini wake ali pa benchi kudikira mlandu umene kenaka adzauzidwa kuti wasunthidwira tsiku lina. Tinene kuti zonsezi zikukwana matumba 3. Chotsala m'manja mwake ndi matumba 4. Mwini ng'ombe naye akuyembekezera kulipira matumba 7, ndipo akaonjezapo 3 a maulendo ndi mboni zake, chimene khoti lidzamuchotsere ndi matumba 10.

Tsono taonani mpata umene uli pakati pa anthu awiriwa. Mwini munda akapatsidwa chilichonse choposa matumba 4 lero lomwe, wapindula kuposa kupita kukhoti. Mwini ng'ombe akalipira chilichonse chosafika matumba 10, nayenso wapulumutsa kanthu. Pakati pa 4 ndi 10 pali matumba 6, ndipo matumba 6 amenewa si ena ai koma aja 3 a uyu ndi 3 a uyo, amene akadathera mumsewu ndi pakhonde la khoti. Masamu a Nash akuti anthu a mphamvu zofanana adzagawana mpatawo pakati, kutanthauza kuti adzamvana pa matumba 7: wolakwiridwa walandira 3 pamwamba pa zimene khoti likadamusiyira, wolakwa wasunga 3 m'nkhokwe mwake. Palibe wachitira mnzake chifundo pamenepa. Aliyense wangoyang'ana nkhokwe yake, ndipo nkhokwe zonse ziwiri zaloza njira imodzi.

Nanga ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani anthu amasumiranabe? Yankho lalikulu ndi lakuti anthu awiri okangana saona mlandu ndi diso limodzi. Tisinthe manambala pang'ono. Mwini munda, atamva mawu a abale ake omulimbitsa mtima pa mowa, akukhulupirira kuti mwayi wake wopambana ndi 9 pa 10; akachotsa matumba 3 aja atsala ndi 6, choncho sangalandire chipepeso chochepera 6. Mwini ng'ombe naye ali ndi abale ake, amene amuuza kuti dimbalo linalibe mpanda ndipo mnzakeyo sangapambane koposa kawiri pa 10; akaika 2 pa 3 apeza 5, choncho sangapereke choposa 5. Wina akufuna 6, wina walekeza pa 5, mpata uja watsekeka, ndipo onse anyamuka ulendo wa kukhoti kukaononga matumba 6 polimbirana matumba 10. Tikaphatikiza zikhulupiriro zao, uyu akuti adzapambana 9 pa 10, uyo akuti adzapambana 8 pa 10, zonse pamodzi 17 pa 10, chinthu chosatheka pansi pa thambo. Mmodzi wa iwo akudzinamiza, mwinanso onse awiri. Ndipo kumene wogonja amalamulidwa kubweza zimene wopambana waononga, monga zimakhalira kawirikawiri ku Khoti Lalikulu, munthu wodzikhulupirira amakula mtima koposa, poganiza kuti ngakhale ndalama za loya adzalipira ndi mnzakeyo.

Apa ndi pamene tikuona ntchito yeniyeni ya mkhalapakati wabwino. Sikuti amakakamiza anthu kukondana. Iye amatenga munthu aliyense payekha ndi kumuuza zoona zimene abale ake akumubisira, kuti mboni yakoyi idafika ng'ombe zitatuluka kale, kapena kuti mwambo wotayirira ziweto anthu akakolola sukhudza madimba. Manambala a anthu awiriwo akayandikana, mpata uja umatsegukanso wokha.

Koma masamu amene tawerengawa ndi a mlandu umodzi, ngati kuti anthuwo akatuluka m'khoti sadzaonananso. Anansi sakhala choncho. Munda susamuka, ndipo amene walima kum'mawa kwako chaka chino adzalimanso pomwepo chaka cha mawa, ana ake adzalima moyandikana ndi ana ako. Izi zimasintha zonse.

Taganizirani za nthawi yogalauza mizere. Mlimi aliyense angathe kulemekeza malire kapena kukankha mzere umodzi kulowa kwa mnzake. Kukadakhala kuti alima moyandikana chaka chimodzi chokha, nzeru ya dyera ikadauza aliyense kuti akankhe: mnzanga akakhala chete ndapata mzere, akakankha naye ndiye kuti sindidapusitsidwe ndekha. Onse akatsata nzeru yomweyo, mapeto ake ndi mkangano ndi kuzulirana mbewu, pamene onse akadalemekeza malire akadakolola mwamtendere. Msampha umenewu, wakuti chimene chikuoneka chanzeru kwa munthu payekha chimapweteka onse awiri, akatswiri a ku America adaufotokoza mu 1950 ndi fanizo la akaidi awiri ofunsidwa mafunso m'zipinda zosiyana. Cha m'ma 1980, Robert Axelrod wa ku yunivesite ya Michigan adafuna kudziwa chimene chimachitika masewerawa akamabwerezedwa nthawi zambiri. Adapempha akatswiri kuti atumize njira zao zosewerera, n'kuzipikisanitsa pa kompyuta. Pa njira 14 zimene zidatumizidwa koyamba, yopambana idali yachidule kuposa zonse, yochokera kwa Anatol Rapoport: yamba ndi kuchita zabwino, kenaka uzibwezera chimene mnzako wachita ulendo wathawu. Mpikisano utachitikanso ndi njira 62, ndipo aliyense akudziwa kale chimene chidapambana poyamba, njira yomweyo idapambananso. Axelrod adalemba zimenezi m'buku lake la 1984.

Tisathamangire kuganiza kuti phunziro lake ndi kubwezera basi. Njira ija siyamba ndewu. Ikalakwiridwa imayankha msanga osazengereza. Mnzake akabwerera ku zabwino nayo imabwerera nthawi yomweyo osasunga mangawa. Ndipo ndi yosavuta kuimvetsa, kotero kuti mnzake amadziwa chimene chidzamuchitikire. Munthu wongopirira chilichonse amaitana chipongwe, pakuti mzere umodzi wosayankhidwa chaka chino umabala iwiri chaka cha mawa. Koma njirayi ili ndi chilema chimodzi chimene anthu a kumudzi amachidziwa bwino kuposa kompyuta. Zinthu zina zimachitika mwangozi. Mbusa ndi mwana wa zaka 10, wagona pansi pa mtengo, mbuzi n'kulowa m'munda. Mwini munda akayesa kuti ndi dala, n'kuthyola mwendo wa mbuzi, mwini mbuzi naye abwezera, ndipo kubwezerana kumeneko kulibe polekezera, ngakhale kuti palibe amene adafuna nkhondo. Ofufuza amene adatsatira Axelrod adapeza kuti kumene ngozi zotere zimachitika, njira yokhululuka nthawi zina imaposa njira yobwezera nthawi zonse.

Ife tikuona kuti makolo athu adafika pa yankho lomweli popanda kompyuta. Nkhuku kapena mbuzi imene wolakwa amapereka pabwalo nthawi zambiri siikwana mtengo wa zimene zidaonongeka, ndipo munthu wa mumzinda angaseke kuti chilungamo chake chili pati. Koma ntchito ya nkhuku ija si kubweza chimanga chonse. Ntchito yake ndi kuonetsa pamaso pa mudzi kuti kulakwa kwavomerezedwa, kuti wolakwiridwa sadapusitsidwe, ndi kuti kuwerengerana kwathera pomwepo.

Zimenezi si za kwathu kuno kokha. Mu 1960 katswiri wa zachuma wobadwira ku England, Ronald Coase, adalemba nkhani yotchuka imene fanizo lake lalikulu lidali lomweli la ng'ombe zolowa m'munda wa mnansi. Iye adati ngati kukambirana kulibe chovuta chilichonse, zilibe kanthu kuti lamulo lakondera woweta kapena wolima, popeza awiriwo adzamvana okha njira yotsika mtengo, kaya ndi kumanga mpanda kaya ndi kulipirana. Chimene lamulo lidzasinthe ndi yekhayo wotulutsa ndalama. Patapita zaka, mphunzitsi wa zamalamulo Robert Ellickson adapita ku Shasta County, kumpoto kwa California, kukaona ngati oweta ng'ombe enieni amachitadi zimenezo. M'buku lake la 1991 adafotokoza kuti ambiri a iwo lamulo sankalidziwa bwino ndipo sankalilabadira. Ankatsata mwambo wao wakuti mwini ng'ombe ndiye asamale ng'ombe zake. Zolakwa zazing'ono ankangozisunga mumtima ndi kuzifafaniza ndi zabwino zina, chipepeso ankakonda kupereka ndi ntchito kapena katundu m'malo mwa ndalama, wosamva ankamulanga ndi mbiri yoipa, ndipo kusumira mnansi ankakuona ngati khalidwe lochititsa manyazi. Munthu wa ku Nsaru atawerenga zimenezi angayese kuti akunena za kwao.

Palinso kafukufuku wina wamng'ono amene akutisonyeza mtengo wobisika wa khoti. Mu 1999 Ward Farnsworth adatsatira milandu 20 ya anansi ku America imene idafika mpaka pa chigamulo, ndipo adafunsa maloya ngati anthuwo adakambiranapo chigamulo chitaperekedwa, monga masamu a Coase akadayembekezera. Pa milandu yonse 20 padalibe ngakhale umodzi. Chifukwa chachikulu chimene maloyawo adapereka chidali chidani: anthuwo sankafunanso kuonana. Pa matumba 3 aja tiyenera kuonjezapo zimene sizilembedwa pa lisiti, monga ngolo imene sudzabwerekanso, moto umene mwana wako sadzakapalanso kuseri, ndi anthu amene adzafike mochedwa pa maliro a kwanu.

Dera limene tikunenali lili ndi mbiri yake pa nkhani ya malire, imene madera ena a dziko lino alibe. Mu 1967, pa nthawi ya ulamuliro wa Dr. H. Kamuzu Banda, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa malamulo atatu a za malo: Customary Land (Development) Act, Registered Land Act ndi Local Land Boards Act. Malamulowa adagwiritsidwa ntchito m'dera la chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chimene chidayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank kumadzulo kwa Lilongwe. Malo a midzi adayezedwa ndi kugawidwa m'zigawo za mabanja zotchedwa ndunda, ndipo ndunda iliyonse idalembedwa m'kaundula m'dzina la mtsogoleri wa banja, woimira abale ake onse. Cholinga china chidali chakuti mikangano ya malire ichepe, ndipo pa masamu athu aja nzeruyo idali yolondola. Thomas Schelling, m'buku lake la 1960, adasonyeza kuti anthu okangana amamvana msanga pamene pali chizindikiro chimodzi choonekera kwa onse, chimene aliyense akudziwa kuti mnzakenso akuchiona. Chulu, mtsinje, mzere wa khonje kapena bikoni ya simenti zimagwira ntchito imeneyi. Malire akakhala odziwika, palibe amene angadzinamize kuti mwayi wake ndi 9 pa 10.

Chimene sichidaganiziridwe mokwanira ndi chakuti anthu amafa ndipo mabanja amakula. Mtsogoleri wa ndunda akamwalira, kaundula nthawi zambiri sankakonzedwa. Dzina limodzi lolembedwa pa pepala lidakumana ndi mwambo wa Achewa umene umati malo amayenda ndi mbumba, kudzera kwa amayi, ndipo panabuka funso lakuti mwini wake ndani, ana a wolembedwayo kapena ana a alongo ake. Atsogoleri ena adayamba kuona ndunda ngati yaoyao. Motero mkangano udachoka pa malire a pakati pa banja ndi banja n'kulowa m'kati mwa banja lenilenilo, m'mene mudalibe bikoni. Pamwamba pa izi anthu adachuluka: kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malaŵi, pamene wa 2018 adapeza oposa 17.5 miliyoni. Mzere umene agogo akadaunyalanyaza, mdzukulu amauwerengera.

Pano tifike pa mbali imene alangizi a mtendere sakonda kuitchula. Zonse zimene tanena zokomera kukambirana zaima pa mfundo imodzi, yakuti anthu awiriwo adzafunanabe mawa. Mfundo imeneyi ikachoka, masamu amatembenuka. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975. Mzinda umene udali ndi anthu osakwana 100,000 pa kalembera wa 1977 udali ndi anthu pafupifupi 990,000 mu 2018, ndipo wakhala ukukulira m'minda ya kwa Njewa, m'mbali mwa msewu wopita ku Mchinji. Munthu wogula puloti kuchokera mumzinda, amene wazunguliza malo ake ndi mpanda wa njerwa, sadzabwereka ngolo kwa wina aliyense, samwa pa mjigo, ndipo akamwalira sadzafuna adzukulu a m'mudzimo. Mbiri yoipa siimuluma. Kwa iye masewerawa ndi a ulendo umodzi, ndipo tanena kale chimene nzeru ya dyera imalangiza pa masewera a ulendo umodzi. Sitikunena kuti ogula onse ndi achinyengo, ambiri ndi anthu aulemu. Tikunena kuti chingwe chimene chimamanga anansi a kumudzi iye sichimufika, choncho mlimi woyandikana naye asadalire mawu apakamwa. Chimodzimodzi pamene mfumu imene ikuweruza mlandu ndiyo idalandirapo kanthu pa kugulitsidwa kwa malowo: imeneyo yasiya kukhala mkhalapakati, yasanduka mmodzi wa osewera.

Ndiponso kugawana pakati kumene Nash adafotokoza kumadalira chimene munthu aliyense angapeze zokambirana zikalephereka. Mu 1979 Robert Mnookin ndi Lewis Kornhauser adalemba kuti anthu amakambirana ali mumthunzi wa lamulo, kutanthauza kuti chimene khoti likadagamula ndicho chimaika malire a zimene angamvane kunja kwa khoti. Tibwerere ku matumba athu. Ngati wolakwiridwa ndi mayi wamasiye wa ku Namitete, mtunda wa makilomita oposa 40 kuchokera mumzinda, ndipo kuti atsate mlandu mpaka pamapeto ayenera kuononga matumba 8 pofuna 7, ndiye kuti kuopseza kwake kuti ndikasuma kulibe mano, ndipo womulanda malo akudziwa zimenezo. Adzamupatsa thumba limodzi, kapena osamupatsa kanthu, ndipo anthu adzati nkhani yatha mwamtendere. Umenewo si mtendere ai. Choncho khoti lapafupi, lotsika mtengo ndi lofulumira limathandiza ngakhale anthu amene sadzapondamo phazi, popeza kukhalapo kwake ndiko kumakakamiza wamphamvu kupereka chipepeso choyenera pabwalo la nyakwawa. Amene amauza wofooka kuti usasume, koma osamupatsa njira ina ya mphamvu, wangomuvula chishango.

Dziko lathu lakhala likufunafuna khoti lotere kwa nthawi yaitali. Mu 1969 makhoti a Local Courts adasinthidwa kukhala Traditional Courts. Makhoti ang'onoang'ono a mtundu umenewu adali pafupi ndi anthu, ankaweruza m'chinenero chao ndipo sankalira loya. Koma makhoti ake akuluakulu a m'zigawo adapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ya imfa popanda woimira woimbidwa mlandu, ndipo adagwiritsidwa ntchito pa milandu ya ndale, monga wa Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, amene adagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Chifukwa cha mbiri imeneyi, makhotiwa adathetsedwa pa nthawi ya kusintha kwa ndale cha m'ma 1993 ndi 1994, ndipo ang'onoang'ono aja adapita limodzi ndi akuluakulu. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lobwezeretsa Local Courts, koma zaka zambiri zidadutsa makhotiwo osatsegulidwa. Pa nkhani ya malo, lamulo la Customary Land Act la 2016, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022, lidalowa m'malo mwa lija la 1967. Monga lidalembedwera mu 2016, lidaika makomiti a za malo pansi pa mafumu a gulupu, bwalo la za malo lotsogozedwa ndi mfumu yaikulu, ndi njira ya apilo yopita ku bwalo la boma lonse, kenaka ku Central Land Board; lidalamulanso kuti amayi akhale ndi mipando m'makomiti ndi m'mabwalo amenewa. Nalo Khoti Lalikulu, pa malamulo ake a kayendetsedwe ka milandu a 2017, limafuna kuti milandu yambiri ya pakati pa anthu iyambe yapita kwa jaji ngati mkhalapakati isanamvedwe. Ngakhale oweruza enieniwo adaona kuti matumba 6 aja ndi ofunika kuwapulumutsa.

Kwa akuluakulu a Boma ndi mafumu, pempho lathu ndi la zinthu zazing'ono zimene zili m'manja mwanu kale. Mlandu wa malire umene wabwera mu Okutobala uweruzidwe mbewu zisanabzalidwe, chifukwa kuchedwa kumakomera amene walanda: iye akukolola pamene mnzake akudikira, ndipo chimanga chikamera palibe woweruza amene amafuna kulamula kuti chizulidwe. Chimene anthu amvana pabwalo chilembedwe, ndi tsiku lake, maina a mboni ndi zizindikiro za malire, ndipo mbali iliyonse itenge pepala lake, lina likhale kwa mfumu. Malirewo ayendedwe ndi mapazi, onse akuona, n'kubzalapo khonje kapena vetiva tsiku lomwelo. Ndipo amene wagonja auzidwe momveka kumene angakachite apilo, popeza bwalo limene chigamulo chake chingathe kuunikidwa ndi lina limasamala poweruza.

Kwa inu aphunzitsi, amene m'midzi yambiri ndinu amene mumapemphedwa kulemba kalata za mgwirizano ndi kuwerengera anthu zimene zalembedwa pa samani, tikuti fanizo la matumba 10 lija ndi samu ya kuchotsera ndi kuphatikiza imene mwana wa Sitandade 7 angathe kuikhoza. Ilembeni pa bolodi. Gawani kalasi pawiri, ena akhale eni munda, ena eni ng'ombe, gulu lililonse mulipatse mwamseri nambala ya mwayi wake wopambana, n'kuwauza kuti amvane. Tsiku loyamba onse apatseni 7. Tsiku lachiwiri eni munda apatseni 9, eni ng'ombe muwauze kuti anzaowo ali ndi 2, ndipo muone ngati belu lidzalira atamvana.